Mpira wa bowling: ndiuitanitse pa intaneti kapena ndikagule ku pro shop?

WaKuNamwera

Salaam aleikum abale, moni nonse. Funso langa ndi lachilendo pang'ono nde musandiseke chonde, ndikudziwa muno timakonda za pool ndi za Bullets ndi Noma koma mwina alipo mmodzi kapena awiri amene zinthuzi amazitsata.

Ine ndimagwira ntchito ku Joni mu shopu ina ya nsalu cha ku Fordsburg, panopa ndili kumudzi ndabwera kudzaona amayi komanso kudzakhoma malata pa kanyumba kanga, ndibwerera mwezi wa mawa. Chaka chatha mwana wa abwana ananditengera ku bowling, ija yogubuduza chimpira cholemera nkumagwetsa mapini 10 ija, ndinangopita poti amalipira ndi iyeyo koma abale zinandilowerera moti pano Lachiwiri lililonse madzulo mundipeza konko, ndinalowa mpaka ka ligi ka anthu ongoyamba kumene. Sikoo yanga imasewera cha mma 130, tsiku lina ndinafika 171 usiku umenewo tulo sitinabwere.

Vuto ndi mipira ya pamalopo ija aliyense amangotola. Bowo la chala chachikulu limakhala ngati kamwa ya mtondo, chala chimangokhwepa nde ndimafinya kuti usandipulumuke, pofika gemu yachitatu tuza latuluka kale. Ndikapeza wondikwanako pang'ono, sabata inayo ndimapeza wautenga wina. Anzanga a mu ligi aliyense ali ndi wakewake ndipo imakhota yokha ikamayandikira mapini, wanga umangolunjika ngati minibasi yotsika Chowe mabuleki atakana.

Nde ndikufuna wanga. Pa intaneti ndaona mitengo yotsika kwabasi kuyerekeza ndi yomwe anandiuza bambo wa pro shop, kashopu kogulitsa ndi kuboola mipira ya bowling ka mkati mwa malo timasewerawo, kusiyana kwake ndi ndalama yoti ndingagulirepo nsapato. Maganizo anga anali oti ndiuitanitse pompano ubwere kuno ku Mangochi ndizizolowera kuugwira ndisanabwerere. Ndamva zoti umabwera wopanda mabowo koma pali achimwene ena akalipentala pafupi ndi msika ali ndi dirilo yamagetsi, ndimati angondiboolera atatuwo basi. Pali cholakwika pamenepa? Kapena ndingopirira ndikagule kwa bamboyo olo akudulitsa?

Kampango77

Kkkkkk amwene mukufuna muzikaugubuduzira kuti, pa mlatho wa Bakili Muluzi? mapini ake akhale mabotolo a Sobo eti? Dolayo bwerani nayo kuno tigule cue yabwino tikuphunzitseni pool, zinazi nza azungu.

CheMdala_Durban

Waaleikum salaam mwana wakwathu. A Kampango asiyeni, amaseka chilichonse chomwe sichili pa depoti.

Ine bowling ndaisewera zaka zoposa khumi kuno ku Durban nde ndimvereni bwino. Za kalipentalazo ziiwaleni lero lomwe, olo akhale katswiri wa mabedi ndi makabati. Mabowo a mpira wa bowling saboola ndi dirilo ya m'manja, pali makina ake amene amaugwira mpirawo nji kuti usasunthe, ndipo bowo lililonse limalowa mopendekeka mwa muyezo wake molingana ndi mmene zala zanu zimapindikira. Mukapita ku pro shop munthu uja amayamba wakugwirani dzanja, amapinda chala chachikulu kuti aone kufewa kwake, amayeza mtunda wochoka pa chala chachikulu kufika pa chapakati ndi cha mphete, amaona ngati khungu lanu ndi louma kapena lotuluka thukuta. Kuphonya ndi 1/16 ya inchi yokha mumakumva m'dzanja pofika gemu yachiwiri. Tuza mukudandaula nalo lija likuchokera pomwepo, mabowo a mipira ya pamalopo amabooledwa kuti alowe aliyense, kuyambira kamwana ka sukulu mpaka chibambo cha zala ngati nthochi.

Komanso pali kagwiridwe kawiri. Mipira mukutolayo ndi ya conventional, zala ziwiri zija zimalowa mpaka pa mfundo yachiwiri. Anzanu amene mipira yawo ikukhotawo ambiri akugwira fingertip, zala zimangolowa mpaka mfundo yoyamba ndipo m'mabowomo amaikamo timalabala. Poyamba zimaoneka ngati mpira ukugwa, koma ndi kagwiridwe kameneko kamene kamapangitsa kuti mpira uzungulire pochoka m'dzanja. Zimenezi pa intaneti palibe amene angakuyezeni, inu mukudina batani iwo akutumiza bokosi basi.

Chinanso chimene anthu sadziwa, mpira uja mkati mwake si wofanana monse ngati dzungu. Muli chinthu cholemera chooneka mwa mtundu wake, amati core, ndipo malo amene mabowo aikidwa poyerekeza ndi core ija ndi amene amalamula kuti mpira uyambe kukhota msanga kapena mochedwa. Wa pro shop wodziwa ntchito amakuuzani kuti tiyeni pa leni (kanjira kogubuduzirapo mpira kaja) muponye kangapo ndione, amayang'ana mzere wa oilo wopakidwa pa leni umene watsala pa mpirawo, nkudziwa mmene mumauzunguzira. Nde kalipentala wanu akangoboola poti apa pakuoneka pabwino, mpira wodula uja usanduka mwala wotsekera chitseko.

Za kulemera: malamulo salola kupitirira mapaundi 16, ndi makilo 7 ndi kakusefukira. Amuna ambiri a mu ligi amaponya 14 kapena 15. Musadabwe akakuuzani 14 pomwe inu munazolowera 12 ya pamalopo, mpira wobooledwa molingana ndi dzanja lako umapepuka chifukwa suufinya, umangokhala m'dzanja wokha. Apanso pa intaneti mukanalemba 12 poganiza kuti ndiye saizi yanu, pakutha miyezi itatu nkuyamba kuuona ngati chidole.

Nkhani ya kukhota ija ndi ya chikopa cha kunja. Leni ndi yotalika mafiti 60 kuchoka pa mzere kufika pa pini yoyamba, ndipo oilo amapaka cha mma fiti 40 oyambirira, kumapetoko ndi kouma. Mpira wa pulasitiki, ngati ya pamalopo ija, umangoterereka mpaka kufika. Wa reactive resin, imene inayamba kubwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, umaterereka pa oilo koma ukafika pouma umaluma nkukhota. Pakatipo pali ya urethane. Inu oyamba kumene musathamangire yodula imene mukuiona pa YouTube, yambani ndi reactive yotsika monga Brunswick Rhino, Storm Tropical Surge kapena Roto Grip Hustle, imeneyo ikukwanirani mpaka mudutse 170 ngati avereji, osati ya tsiku limodzi losagona lija kkk.

Ndalama mukuti akudulitsayo, mwamufunsa ngati kuboola kuli momwemo? Mashopu ambiri ukagula kwa iwo mtengo umakhala utaphatikiza kale kuboola, koma ukabwera ndi wako wa kwina amakutchaja payokha ndipo saseka nawo.

Mjomba_wa_ku_Dublin

Che Mdala ayankhula zoona zambiri koma pa nkhani yoti pro shop ndiye mpulumutsi ine ndikanako pang'ono. Si onse a pro shop amene ali ngati mukuwafotokozeramo akulu. Ine mpira wanga woyamba ndinagula ku pro shop ina kuno, munthuyo sanandione nkomwe ndikuponya, anangondiyeza dzanja mothamanga uku akuyankha foni, nkunditulutsira mpira umene unakhalitsa pa shelefu bokosi lake litachita kufumbwa, ati uwu ndiye wa inu. Ndinazindikira mochedwa kuti amangofuna kuchotsa stoko yakale. Ka shopu kakang'ono kamasunga mipira mwina khumi ndi ingapo, nde akakuuza kuti wabwino ndi uwu nthawi zina akutanthauza kuti amene ndili naye ndi uyu.

Pa intaneti mitundu ndi yambirimbiri ndipo makampaniwa amatulutsa mipira yatsopano pafupipafupi chaka chisanathe, nde yachaka chatha imatsika mtengo koopsa pomwe mpirawo ulibe vuto lililonse, mapini sadziwa kuti uyu ndi wa chaka chino. Ine yanga itatu yomalizayi yonse ndinaitanitsa, nkupita nayo kwa munthu wina amene ndinamupeza pambuyo pake wodziwa ntchito, ndimamulipira kuboola mosanyinyirika ndipo iyenso sakwiya.

Koma chinsinsi ndi ichi achimwene, ine ndimatha kutero chifukwa ndili ndi pepala la miyezo ya dzanja langa, amati drill sheet, ndipo ndikudziwa kale chimene ndikufuna. Inu mulibe. Nde woyambawu ndingagwirizane ndi a Mdala kuti mukagule konko, koma mukamaliza muwapemphe pepalalo mulijambule pa foni, ena amakanirira nalo kuti uzibwerera kwa iwo okha. Ndipo musanalipire tengani kakyuleta: mtengo wa pa intaneti, kuphatikiza kutumiza, kuphatikiza msonkho ngati ukuchokera kunja, kuphatikiza kuboola, timalabala ta zala ndi ka chala chachikulu kaja amati slug. Mukawonkhetsa mupeza kuti nsapato mumati mugulira pa chenji zija zatsala zingwe zokha.

Za nsapato zomwezo, zimenezo mutha kuitanitsa koma samalani ziwiri. Choyamba masaizi, ku Joni amagwiritsa ntchito a UK pomwe nsapato zambiri za bowling monga Dexter zimalembedwa a US, amasiyana pafupifupi nambala imodzi, ine ndinalandirapo zondipana ngati za mwana wa fomu wanu. Chachiwiri, zotchipa zimaterereka mapazi onse awiri, koma zabwinozo zimapangidwa motengera dzanja, ngati mumaponya ndi lamanja ndiye kuti yoterereka ndi ya kumanzere, ya kumanja ili ndi labala yogwira pansi. Mukasokoneza pamenepo mukagwa chafufumimba pamaso pa ligi yonse.

Tawulo, chikwama, tepi ya chala, mankhwala opukutira, izo ndiye gulani kulikonse kotchipa, palibe choyeza.

MayiGeni_Boma

Ine za bowling sindikuzidziwa achimwene koma zoitanitsa katundu ndiye ntchito yanga, nde ndingolowererapo pa mbali yoti ubwere kuno ku Mangochi. Musayerekeze. Chinthu cha makilo 7 pa ndege makampani otumiza katundu amatchaja pa kilo, nthawi zambiri ndalama yotumizira ingafanane kapena kuposa ya chinthucho. Chikafika a MRA powerengera msonkho amaphatikiza mtengo wogulira ndi wotumizira womwe, kenako VAT pamwamba. Ndipo mulipira ndi chani? Ngati ndi khadi ya banki ya kuno ndiye mudziwa kuti forex ndi nkhani mdziko muno, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 muja ife ogula kunja tikulira mpaka lero, khadi imakana pa zinthu zazing'ono zomwe.

Kenako mpirawo mwaulandira, muunyamulenso pa basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge kubwerera nawo komwe kuli malo osewerera, pamwamba pa ufa ndi usipa ndi chambo chouma chimene amayi akupakirani. Anthu amatumiza katundu kuchoka ku Joni kubwera kuno, inu mukufuna kupanga zobwerera mmbuyo. Ngati mwalimbikira za intaneti lembani adiresi ya ku Fordsburg, mulipire ndi marandi anu, ndipo muyang'ane ogulitsa a mu South Africa momwemo chifukwa ukachokera ku America a SARS nawonso akudikirani ndi 15% yawo ya VAT.

Malata mwamaliza kukhoma koma? Ndangofunsa.

Kampango77

Mayi afunsa funso lenileni kkkkk. Komanso ine ndinaonapo pa TikTok mzungu wina akuponya ndi manja awiri chala chachikulu osalowetsa nkomwe, nde ngati vuto ndi tuza bwanji osangopanga zimenezo, mabowo awiri kalipentala sangalephere.

CheMdala_Durban

Ameneyo akhala Jason Belmonte wa ku Australia, ndipo ndi zoona wawina zikho zikuluzikulu zambiri ndi kaponyedwe kameneko, achinyamata ambiri pano akumutsanzira. Koma mabowo awiriwo nawonso ali ndi malo ake a Kampango, kalipentala wanuyo mumukonde pa mipando.

Mjomba wanena zoona za a pro shop aulesi, alipo ndithu. Njira yowadziwira ndi yosavuta, Lachiwiri likubweralo mukafika funsani anthu atatu anayi a avereji yapamwamba mu ligi yanu kuti mipira yanu amakuboolerani ndani. Dzina limene litchulidwe kawiri pitani kumeneko olo kukhale kokwera taxi ziwiri. Ndipo akakuyezani osakuonani mukuponya, tsanzikani mwaulemu.

Ndiwonjezere za mipira ya kaunjika chifukwa ndikudziwa mtima wa kwathu, mukangoona pa Facebook Marketplace wina akugulitsa motchipa muthamangira. Si zoipa, mabowo akale amatha kutsekedwa nkuboolanso atsopano, koma zimenezonso nzolipira. Muyang'anitsitse ming'alu pakati pa mabowo a zala, ndipo ngati uli ndi bowo lachinayi chapambali losalowetsa chala, dziwani kuti limenelo bungwe loyang'anira bowling ku America la USBC linaletsa kuyambira pa 1 August 2020, nde funsani a ligi yanu musanagule, mwina mufunika kulitseketsa. Komanso reactive imamwa oilo ngati siponji, yoti yaponyedwa magemu mazanamazana osasamalidwa imakhala itafooka, pa chithunzi imawala bwinobwino koma pa leni sikhota. Nthawi zina a pro shop omwewo amakhala ndi yakale imene anthu anasiya, imeneyo bola chifukwa mukuigwira ndi manja ndipo mukudziwa kokadandaula.

Nankungwi_wa_Malombe

Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo chifukwa ine ndi amene ndinapanga ndendende zimene mukufuna kupangazi, kungoti wanga unali wobooledwa kale. Ndinkagwira ntchito ku Cape Town, ndinagula mpira pa intaneti nkukaubooletsa, zonse zinayenda bwino, ndinasewera nawo miyezi isanu ndi umodzi. Pobwera kumudzi ndinati ndiutenge anthu akaone, mukudziwa matama a munthu wochoka ku Joni. Unafika bwinobwino, ana anaugubuduza pa khonde tsiku loyamba mpaka unakalika ndi simenti, nde ndinaubisa mu buti ya galimoto ya achimwene anga kuti asaupeze. Inali October. Inu mukuidziwa October wa Mangochi, galimoto itaima padzuwa tsiku lonse, usiku nkuzizirako, mawa lakenso chimodzimodzi. Patatha masabata awiri ndikutsegula chikwama ndinapeza mng'alu wochoka pa bowo la chala chapakati kuzungulira pafupifupi theka la mpira, woti ndalama yachitsulo imalowa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango osayankhula.

Kunja kwa mpira ndi mkati mwake ndi zinthu zosiyana, zikatentha sizifufuma mofanana, nde kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kumaung'amba. Nditabwerera ndinalembera kumene ndinagulako, anandiyankha mwaulemu kuti tumizani zithunzi ndi nambala ya mpira, kenako nkhani inathera poti waranti sikhudza zowonongeka ndi kutentha, ndipo sindingawanene, kulakwa kunali kwanga. Koma chimene ndinaona nchoti mnzanga wina wake unang'aluka wokha uli mu locker, iye anangoupereka kwa wa pro shop amene anamugulitsa, iyeyo ndi amene analimbana ndi kampani, mnzangayo anangodzatenga watsopano. Ine ndikanakhala ndi mlandu wabwino ngati umenewo ndikanayamba kuthamanga ndi maimelo ndekha, mwinanso kulipira kuutumiza.

Nde olo mugule kuti, kumudzi kuno usabwere. Panopa wangawo amayi anadzalamo kanthu ayi, amangotsamiritsira chitseko cha khitchini mphepo ya mwera ikamawomba, a Mdala aja ananena mwala wotsekera chitseko ndinachita kuseka ndekha.

WaKuNamwera

Aaa abale zikomo kwambiri, sindimayembekezera kuti muno muli anthu ozitsata chonchi. Che Mdala mwanditsegula mmaso, ndamulembera bambo wa pro shop uja pa WhatsApp madzulo ano ndipo wayankha kuti mtengo anandiuza uja kuboola ndi timalabala zili momwemo, slug yokha ndiye yapadera. Ndawonkhetsa ngati mmene ananenera a Mjomba, kusiyana kwatsala kochepa koti sikungandigulire olo nsapato imodzi. Ndamufunsanso ngati angandione kaye ndikuponya, wati ndifike ola limodzi ligi isanayambe ndipo ndisadule zikhadabo tsiku lomwelo, kaya nchifukwa chani. Ndikafunsabe anzanga aja kuti amabooletsa kwa ndani ndisanapereke ndalama.

Achimwene akalipentala aja ndinali nditawauza kale dzulo, anavomera ndi mtima wonse mpaka anati abwereka biti yaikulu kwa owotcherera, nde mawa ndikawauze kuti ntchito ija yasintha, andipangire shelefu ya amayi.

Mayi a Geni malata atsala asanu ndi atatu, musandiyalutse pagulu.

Funso lomaliza, chikwama ndigule cha mpira umodzi chonyamula paphewa kapena cha matayala cha iwiri? Chifukwa kuchoka pomwe ndimatsikira taxi kukafika ku malowo ndi kamtunda ndithu.

Mjomba_wa_ku_Dublin

Cha iwiri cha matayala achimwene, musafunsenso. Mukangoyamba kukhotetsa mupeza kuti pini 10 ya pakona ija ikukuvutani kuigwetsa ndi reactive, muyamba kufuna wa pulasitiki wa ma spare (kugwetsa mapini otsala pa kuponya koyamba), miyezi itatu simufika. Zikhadabozo akufuna ayeze zala zili mmene zimakhalira masiku onse. Ndipo mukapite nthawi yomwe mumasewerayo, zala zimatupa masana kusiyana ndi mmawa.

Kampango77

Nde shelefuyo muwauze aike ka malo kozungulira pakona, mpira ukadzang'aluka tidzauikepo tizidzauona.